ZIDA ZA PAKHOMO, GAWO LACHITATU: Mpeni Wopinda Kapena Wowongoka?

Gawo lapitalo lidafotokoza za nkhwangwa ndi kasemasema, zida zimene zimagona pakhomo ndipo zimatuluka pokhapokha ntchito ikaziitana. Gawo lino likamba za chida chimene chimayenda ndi mwini wake kuli konse: kumsika, kuntchito, m'minibasi, ngakhale kumaliro kumene mbuzi iyenera kusendedwa. Chida chimenechi ndi mpeni.

Pa Chinyonga, kufupi ndi Kanjedza mu mzinda wa Blantyre, amuna amakonda kusonkhana madzulo pansi pa mtengo kusewera bawo. Tsiku lina pamalo otere padafika mnyamata wogulitsa nzimbe, dzanja lake lamanja litakulungidwa ndi bandeji. Atamfunsa chimene chidamuonekera, iye adati mpeni wake wopinda udakanirira pa mfundo ya nzimbe, ndipo pamene ankaukoka mwamphamvu kuti auzule, loko idamasuka, mpeniwo nkumutsekera pa chala chamkombaphala. Mpeniwo adali ataugula milungu itatu yokha m'mbuyomo, wonyezimira ngati kalilole.

Mkulu wina wa imvi, amene pa unyamata wake adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, adapisa m'thumba la jekete natulutsa Okapi wakale, chigwiriro chake chitada ndi thukuta la zaka zambiri. "Mdzukulu wanga," adatero, "mpeni uwu ndidabwera nawo amai ako asadabadwe, ndipo sudandilumepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mpeni wopinda ulibe mlandu. Mlandu uli ndi zinyalala zimene mukugula masiku anozi."

Bambo wina amene amapha mbuzi ndi kugulitsa nyama adapukusa mutu. "Pepani akuluakulu, ine mpeni wokhala ndi bondo sindiukhulupirira. Chiri chonse chokhala ndi bondo tsiku lina chidzagwada basi."

Mkanganowo sudathe madzulo amenewo, pakuti ali yense mwa awiriwa adagwira mbali yake ya choona. Maganizo a nkhani ino ndi awa: pa ntchito yolemetsa, mpeni wowongoka ndiwo woyenera kuukhulupirira, popeza ulibe poti upindikire, koma poyenda pakati pa anthu, kampeni kopinda ndiko koyenera m'thumba. Ndipo munthu woyenda ndi mpeni wopinda azigwira nawo ntchito ngati kuti ulibe loko, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani kuti lokoyo ndi yolimba.

Mpeni umene amisiri a makolo ankasula udali wowongoka. David Livingstone atafika ku mapiri a Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Wofuna kuona zida zachitsulo za nthawi imeneyo atha kupita ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, mtunda waufupi kuchokera pa Chinyonga. Kapangidwe ka mpeni wotere n'kosavuta kukamvetsa. Chitsulo ndi chimodzi kuchokera kunsonga mpaka kumsuka, ndiye kuti mchira umene umalowa m'chigwiriro monga umo msuka wa khasu ulowera mu mpini. Mpaka lero amisiri a ku Ndirande ndi m'misika ina amasula mipeni yotere kuchokera ku masipiringi akale a galimoto ndi macheka otha ntchito. Mpeni wa mtundu umenewu ukafuna kulephera umayamba wachenjeza: chigwiriro chimagwedera, mtengo umang'aluka, mwini wake amaona ndi maso nakonza zisadafike poipa.

Mpeni wopinda udatchuka ndi malonda a kunja ndiponso maulendo a kumigodi. Mu 1902, ku Solingen, mzinda wa ku Germany wodziwika ndi kusula mipeni, kudayamba kupangidwa mpeni wotsika mtengo woti uzigulitsidwa ku Africa. Adautcha Okapi, dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene azungu adaidziwa mu 1901 kudzera mwa Sir Harry Johnston, yemwe uja adayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain ku Zomba mu 1891. Kuyambira 1988 mpeniwu umapangidwa ku South Africa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya dzikolo kudzera ku Wenela, dzina limene latsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Ulendo umenewu udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwao. Udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ndipo udatheratu mu 1988. M'masutikesi a anthu obwerera kumudzi, pamodzi ndi bulangete ndi wailesi, kawirikawiri munkakhalanso mpeni wopinda. Motero mpeniwu udasanduka chizindikiro cha mwamuna amene adayendapo, ndipo ulemu umenewo sudathe mpaka pano.

Kuti mkangano wa pa bawo uja umveke bwino, m'pofunika kudziwa kuti mipeni yopinda siimangidwa mofanana. Ina ilibe loko ndi pang'ono pomwe. Timipeni tofiira ta ku Switzerland, timene kampani ya Victorinox, yoyambitsidwa ndi Karl Elsener mu 1884, idatchuka nato, tambiri timangogwiridwa ndi sipiringi ya pamsana. Munthu akakankha ndi chala chimodzi timatsekeka. Okapi wodziwika bwino uja ali ndi sipiringi kunja kwa msana wa chigwiriro, ndipo sipiringiyo iri ndi bowo limene limakola dzino la chitsulo cha mpeni. Kuti utsekeke, munthu amakoka kamphete konyamula sipiringiyo. Mpeni wa Opinel wa ku France, umene udayamba mu 1890, udapatsidwa mu 1955 mkombero wachitsulo wozungulira pakhosi pa chigwiriro, umene munthu amaupotoza kuti utchinge njira yotsekekera. Mu 1964 kampani ya Buck ku America idatulutsa mpeni wotchedwa 110, wokhala ndi mbedza ya pamsana imene imagwera m'kamphako ka chitsulo cha mpeni. Koma mipeni yambiri yotsika mtengo imene yadzaza m'misika masiku ano iri ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwa chigwiriro, kamene kamadumphira kumbuyo kwa mpeni ukatsegulidwa. Ka mtundu umenewu kakapangidwa ndi mmisiri wosamala kamagwira bwino. Kakapangidwa mothamanga ndi chitsulo chofewa kamangokhudza mpeni ndi kansonga chabe.

Maloko onsewa, abwino ndi oipa omwe, amadalira chinthu chimodzi: malo aang'ono kwambiri pamene zitsulo ziwiri zakumana, nthawi zambiri osaposa kukula kwa njere ya mpunga. Chitetezo cha zala zinayi chimatsamira pa malo amenewo. Tsono taonani zimene zimakhala m'thumba la munthu wa ku Blantyre: fumbi la mwezi wa Okotobala, ulusi wa nsalu, nyenyeswa za chimanga chokazinga, mchenga. Onjezanipo madzi a nzimbe amene amauma ngati ulimbo, mamba a nsomba, mafuta a nyama, ndi dzimbiri la nyengo ya mvula. Zonsezi zimalowa m'kamphako kaja pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene mbedza imagwera theka lokha. Phokoso lija lakuti "khe" limamvekabe, mwini wake nakhulupirira kuti mpeni wakhoma, pamene sudakhome. Kusiyana kwake ndi mpeni wowongoka kuli pomwepa: loko imatha mobisika, m'kati mwa chigwiriro mmene diso silifika. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma.

Komabe mkulu wa ku Joni uja sadaname ponena kuti mpeni wake sudamulumepo, ndipo chifukwa chake chiyenera kumveka bwino. Pamene munthu akudula monga mwa masiku onse, kukankha kuthwa kwa mpeni pa chinthu, mphamvu yonse imakankhira mpeni kotsegukira. Pa nthawi imeneyo loko siigwira ntchito iri yonse. Ngakhale mpeni wopanda loko sungatsekeke. Loko imayamba kusenza katundu pamene mphamvu yatembenuka: pobaya ndi nsonga, poboola lamba kapena chitini, potokosa ndi kutsegula chivindikiro, pomenya msana wa mpeni, kapena pozula mpeni umene wakanirira, monga adachitira mnyamata wa nzimbe uja. Anthu a m'badwo wa mkuluyu adazolowera mipeni yosadalirika, motero manja ao adaphunzira kusaupatsa mpeni wopinda ntchito zoterezi. Chimene chidamsunga zaka zonsezi ndi kagwiridwe kake, loko idangothandizako. Achinyamata a lero amva kuti mpeni uli ndi loko, ndiye amausandutsa tchizulo, sikuludiraiva ndi chikwanje nthawi imodzi. Loko yawapatsa mtima umene chitsulocho sichingaukwanitse.

Mtengo wa kulakwitsa kumeneku ndi waukulu kuposa mtengo wa mpeni. Zala za munthu wogwira mpeni wopinda zimakhala zitapingasa pa ngalande imene mpeniwo umagonamo, kotero kuti ukatsekeka umagwera kuseri kwa zala, kumene mtsempha woongola chala umadutsa pansi pa khungu lopyapyala. Mtsempha umenewu ukaduka sulumikizika wokha ngati bala wamba. Pamafunika kuti dokotala ausoke, monga zimachitikira pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ndipo pambuyo pake dzanja limatenga miyezi iwiri kapena itatu lisadabwerere pa ntchito yolemetsa. Munthu wolembedwa ntchito mu ofesi atha kupempha tchuthi. Koma wogulitsa nzimbe, wosoka nsapato, telala kapena mai wopala nsomba pamsika amadya za tsiku lomwelo. Dzanja likaima, mphika nawo umaima, lendi ya nyumba ndi fizi ya ana nkumadikira. Palinso kafumbata, matenda amene amalowera pa bala lodetsedwa, ndipo n'chifukwa chake bala lakuya la mpeni liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo m'malo molithira dothi kapena phulusa.

Wopha mbuzi uja ali ndi chifukwa china chimene sadachitchule. Mpeni wowongoka umatsukika wonse ndi madzi otentha ndi sopo. Mpeni wopinda uli ndi ngalande ndi mfundo mmene magazi ndi tizidutswa ta nyama timabisala ndi kuwolera momwemo, ndipo mawa lake mpeni womwewo umasenda mango a mwana. Pa ntchito ya nyama ndi nsomba, nkhani ya ukhondo yokhayi ikwanira kugamula mlandu.

Pamenepa wina angaganize kuti mpeni wowongoka wapambana pa zonse, ndipo kuti munthu ali yense azingoyenda nawo. Kuganiza kotero ndi kulakwa, pakuti mpeni umenewu uli ndi zoopsa zake ziwiri.

Choyamba chiri pa ntchito pomwepo. Mipeni yambiri yosulidwa m'misika ilibe chotchinga pakati pa chigwiriro ndi kuthwa. Dzanja likanyowa ndi magazi kapena mafuta, ndipo nsonga ikagunda fupa mwadzidzidzi, dzanjalo limatsetsereka kuchoka pa chigwiriro kupita pa kuthwa. Pamenepo imaduka ndi mitsempha ya m'kati mwa zala, yopinda chala, imene kusoka kwake n'kovuta koposa ija ya kuseri. Mankhwala ake ndi apafupi: kupempha mmisiri kuti asiye kaphewa pa chitsulo kapena aseme chigwiriro chokhala ndi potsamira chala, ndi kupukuta dzanja kawirikawiri.

Chachiwiri ndi kanyamulidwe. Mpeni wopinda ukatsekedwa umasanduka kamtengo chabe. Mpeni wowongoka umakhala wakuthwa usana ndi usiku. Ndani sadaonepo mpeni wokulungidwa m'nyuzipepala yakale, utaponyedwa m'dengu la tomato, kapena utasomekedwa m'chiuno pansi pa malaya? M'minibasi yochokera ku Limbe mmene anthu amakhala anayi pa mpando, nsonga yotere siisankha ntchafu ya mwini wake kapena ya mnzake. Kunyumba nako mwana wokwawa amapisa dzanja m'dengu kufuna nthochi. Makolo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mpeni wao unkayenda m'chimake cha mtengo kapena chikopa. Lero chimake chaiwalika, chonsecho wosoka nsapato ali yense pa Chinyonga angathe kuchisoka ndi chikopa chakale kapena mphira wa tayala m'kanthawi kochepa. Mpeni wowongoka wopanda chimake suyenera kutuluka pakhomo.

Pali mbali ina imene iri yolemera kuposa zala. Anyamata ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amati amayenda ndi mpeni kaamba ka achifwamba, makamaka akamaweruka usiku. Mantha ao ndi oona, ndipo sayenera kusekedwa. Koma mpeni wonyamulidwa chifukwa cha mbala kawirikawiri sukumana ndi mbalayo. Umakumana ndi mnzake wa mwini wake pa mowa, pa mkangano wa mpira kapena wa ngongole yaing'ono. Mpeni wowongoka umatuluka m'kuphethira kwa diso, mtima usadafunse mutu. Mpeni wopinda wofuna manja awiri umapereka kamphindi, ndipo nthawi zina kamphindi kameneko ndiko kamalekanitsa munthu wogona kwao ndi munthu wogona ku ndende ya Chichiri. Izi sizitanthauza kuti mpeni wopinda ndi wosalakwa. M'makomboni a ku Johannesburg dzina la Okapi lidatchuka ndi zigawenga monga lidatchukira ndi alimi. Tanthauzo lake n'lakuti mpeni woyenda nawo pakati pa anthu uyenera kukhala waung'ono, wochedwa kutseguka, wokwanira kusenda chinangwa ndi kudula chingwe basi.

Malamulo nawo amayang'ana mbali yomweyi. Malamulo a milandu a dziko lino amaletsa munthu kuyenda ndi chida poyera popanda chifukwa chomveka m'njira yochititsa anthu mantha. Wogulitsa nyama wokhala ndi mpeni pa benchi lake masana ali ndi yankho. Mnyamata wopezeka nawo m'sokosi pakhomo la bala pakati pa usiku alibe. Amalawi opita ku South Africa adziwe kuti kumeneko lamulo la zida zoopsa la 2013 limalola kumanga munthu wopezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti afuna kuchitira choipa. Ku Britain lamulo la 1988 limalola kuyenda popanda kufotokoza chifukwa ndi mpeni wopinda umene kuthwa kwake sikupitirira mainchesi 3, ndiye kuti masentimita 7.62, koma makhoti a kumeneko adagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suwerengedwa m'gulu limeneli. Amauona ngati wowongoka. Nzeru ya chigamulo chimenechi njoyenera kuilingalira: loko ikamalimba, mpeni wa m'thumba umayandikira kukhala chida chobayira.

Tsono munthu wa pa Chinyonga achite chiyani? Ayambe wafunsa ntchito imene mpeniwo ukagwire. Ngati ndi ntchito ya tsiku lonse, yofuna mphamvu, ya nyama, nsomba, nzimbe, mphira kapena chikopa, agule mpeni wowongoka umene msuka wake wadutsa chigwiriro chonse ndi kukhomedwa ndi misomali iwiri kapena itatu, ausokere chimake, ndipo ntchito ikatha ugone m'bokosi la zida kapena pansi pa dengu, osati m'chiuno. Ngati ndi timantchito ta apa ndi apo, kampeni kopinda kakwanira.

Pogula mpeni wopinda asatengeke ndi kunyezimira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mipeni yotsanzira maina otchuka ndi yambiri. Autsegule, augwedeze cham'mbali ndiponso chokweza ndi chotsitsa. Ukagwedera uli watsopano, udzagwedera koposa ukakalamba. Agwire chigwiriro m'mbali, zala zitachoka pa ngalande, nakankhe msana wa mpeni ndi chikhatho. Ukagonja pamenepo, aubweze kwa mwini wake. Akagula, sabata iri yonse azitokosa kamphako ka loko ndi kamtengo ka machesi, ndi kudonthezera kadontho ka mafuta a makina osokera pa mfundo. Aziunola, pakuti mpeni wobuntha ndiwo umafuna kukakamiza, ndipo kukakamiza ndiko kumabala ngozi. Koposa zonse asaubayitse, asautokosetse, asaumenye pamsana. Ukakanirira m'chinthu, achotse zala pa ngalande asadayambe kuuzula. Makolo ndi aphunzitsi awaonetse ana zimenezi ndi manja, pakuti mwana wa sukulu amene wapeza kampeni amayamba ndi ntchito zomwe zija zoletsedwazi, kuboola desiki ndi kutokosa chitini.

Mnyamata wa nzimbe uja adabwerera pa malo ake a malonda patapita milungu ingapo. Tsopano amadulira mpeni wowongoka wosulidwa ku Ndirande, ndipo madzulo amaulowetsa m'chimake cha mphira chimene adamsokera mnzake wokonza nsapato. Chala chija sichiongoka bwino mpaka lero. Mkulu wa ku Joni akali ndi Okapi wake m'jekete, ndipo amasendera malalanje okha.

Gawo lotsatira lidzakamba za mwala wonolera ndi tupa, ndi chifukwa chake zida zambiri za pakhomo zimatha msanga ndi kunola kolakwika kuposa ndi ntchito.